Mafuta a m'magazi akwera kwa ine, osati kwa a Misozi

Mwachoma bwanji nonse.

Lero ine ndi alongo anga a Misozi tinakayezetsa magazi ku Katete. A Misozi, amene sadutsa pa chiwaya cha nkhumba osaima, awapeza ali bwinobwino. Ine wa tiyi ndi mbatata, akuti mafuta a m'magazi akwera.

Ndinadandaula kuti makolo athu ndi amodzi. Adokotala anaseka. "Za kumtundu zimatha kuoneka mosiyana mwa mwamuna ndi mwa mkazi. Abale anu aamuna adzayezetsenso." A Misozi andiseka njira yonse mu minibasi.

Adokotala aja andiuza kuti ndichepetse zokazinga. Ndimvera, mwana wanga Tiya akadali wamng'ono.

Ndani akudziwa mmene malemu amake Tiya ankaphikira nkhwani wotendera uja, wopanda mafuta? Ine ndinkangodya, sindinafunsepo.