Chala cha ababa ndi mapiritsi a pagolosale

Mwaswera bwanji nonse. Ndine Esinati, ndabwereka foni ya amayi.

Lero sindinapite kusukulu, ndinaperekeza ababa kuchipatala. Chala chawo chachikulu chakuphazi chatupa moti ngakhale bulangeti likangochikhudza akubuula.

Atawayeza magazi, adokotala anati zoipa zina zotchedwa yuriki asidi zachuluka, chifukwa matenda awo a shuga ayamba kufoola impso ndipo sizikusefa bwino. Anati achepetse matemba ndi zam'kati. Kenako anafunsa, "Bambo, mumamwa mapiritsi opha ululu a pagolosale? Amenewo amamaliza impso."

Ababa anati, "Ine? Olo limodzi."

Ine ndinangowerama. Komatu malaya awo ndimachapa ndine, ndipo timapepala ta mapiritsiwo ndimatipeza m'thumba tsiku lililonse. Amamwa awiri asanapite kukathyola nandolo.

Pobwerera anandigulira nthochi n'kunena kuti, "Mwana wanga ameneyu salongolola." Sindinathe kudya.

Lachisanu tikupitanso kukayezetsa impsozo. Amalume, azakhali, ndiwauze adokotala za mapiritsiwo ababa ali pomwepo? Ndikuopa kuwachititsa manyazi, koma ndikuopanso kukhala chete kachiwiri. Kapena wina wamkulu awaimbire foni ababa lisanafike Lachisanu, koma chonde musanene kuti mwamva kwa ine.