Njinga ya Bambo M'malo mwa Nkhope Yanga

Ndinali ndi zaka khumi, mu Sitandade 4, pamene matabuleti anafika pasukulu yathu ya m'mapiri a kumtunda kwa Mvera. Anabwera pagalimoto yoyera imene inalephera chitunda chomaliza, mpaka anyamata a Sitandade 8 anachita kukaikankha. Anali m'bokosi lachitsulo la loko, ndipo padenga la ofesi ya ahedi anakhomapo sola yowatchajira. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva, ngakhale amene analibe mwana pasukulupo.

Ndinene msanga kuti ine ndinabadwa ndi khungu lachialubino, ndipo maso anga saona patali. Kuyambira Sitandade 1 malo anga anali kutsogolo kwenikweni, moti fumbi la choko linkandithera m'mutu. Ngakhale pamenepo zilembo zinkandivuta. Ndinkachita kudzuka, kukasuzumira pabolodi, n'kubwerera kudzalemba, anzanga akukuwa kumbuyo kuti, "Nelesi, khala pansi, watitchinga!"

Amene anabwera ndi matabuletiwo anali mtsikana wa ku Lilongwe, wa nsapato zoyera zimene dothi lathu lofiira linazichita chipongwe tsiku lomwelo. Dzina lake sitinalisunge, tonse tinkangoti Anti a matabuleti. Tsiku loyeserera anandiona ndikuika tabuleti pamphuno, ndipo anagwada pambali panga. Anandigwira zala ziwiri, n'kuziika pagalasipo, n'kuzitambasula. Zilembo zinakula pompo. Kwa nthawi yoyamba ndinawerenga chiganizo chathunthu ndili chikhalire pampando wanga. Ndinasangalala mpaka misozi inalengeza, ndipo ndinanamizira dzuwa.

Kenako anatifotokozera. Mayeso a teremu imeneyo tidzalembera pa matabuleti, ndipo zimene talemba zidzapita pa intaneti ku likulu lawo. Mwana aliyense adzajambulidwa, kuti pofuna kuyamba azingogwira nkhope yake pagalasipo. Adzalembanso dzina, zaka, mudzi, ndi vuto lililonse la m'thupi limene mwanayo ali nalo. Koma zonsezi zinkafunika chilolezo cha kholo, choncho aliyense anapatsidwa pepala loti akasainitse kunyumba.

Ine sindinade nkhawa, ngakhale ndinkawadziwa bwino bambo anga. Anali mlimi wa fodya, munthu wofatsa, koma wa mafunso osatha. Ogulitsa mbewu pamsika akawaona akubwera ankayamba kuusa moyo. Amayi ankati ngakhale tsiku la ukwati wawo abusa anachita kudikira kuti mkwati amalize kufunsa. Ukawaseka ankangoti, "Safunsa anadya phula," n'kupitiriza kufunsa.

Ndi iwo amene ankandiperekeza kusukulu tsiku lililonse panjinga yawo yakuda, imene pakaliyala anapindapo thumba la feteleza kuti ndisamapweteke. Chipewa changa chachikulu ankandimanga okha pachibwano. Njira sinkakhala imodzi. Lero tidzera kudimba, mawa kuseri kwa tchalitchi, mkuja m'munda wa amalume. Ndinkaganiza kuti bambo anga amangokonda kuzungulira. Sindinkadabwanso kuti n'chifukwa chiyani masiku amenewo ankatseka wailesi nkhani zikangoyamba ine ndili pomwepo.

Pepala lija analiwerenga atakhala pakhonde, chala chikutsata mzere ndi mzere. Atafika kumapeto anayambiranso. Kenako analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya.

"Sindisaina lero."

"Mawa, ababa?"

"Ndikaonane kaye ndi ahedi."

M'mawa mwake anatsamiritsa njinga pamtengo wa bulugama n'kulowa mu ofesi. Ine ndinaima kuseri kwa zenera, khutu lili tcheru. Muofesimo munali ahedi ndi Anti a matabuleti. Bambo anapereka moni wautali monga mwa chizolowezi chawo, anayamikira chitukuko, kenako anayamba.

"Chithunzi cha mwanayu chikachoka pano chikupita kuti? Amene azichiona kumeneko ndani? Nanga akadzamaliza sukulu, chidzafufutidwa kapena chidzakhala komweko mpaka kalekale?"

Ahedi anali munthu wosadziwa kunama. "Abambo a Nelesi, kunena zoona ine sindikudziwa," anatero. "Koma makolo ena onse asaina."

"Achita bwino. Ine ndidikira yankho."

Anti analonjeza kufunsa mabwana awo. Ndinawaona akukwera chulu cha kuseri kwa sukulu, pokhapo pamene netiweki inkagwira, foni ili m'mwamba. Anatsika n'kunena kuti mabwanawo akambirana kaye. Bambo anathokoza, anakwera njinga yawo n'kumapita kumunda ngati palibe chimene chachitika.

Yankho linachedwa, mayeso oyamba anafika. Anzanga onse anajambulidwa, atanyowetsa tsitsi ndi madzi a pamjigo kuti aoneke bwino. Ine aphunzitsi anandipatsa buku n'kundikhazika pamthunzi wa khonde la ofesi. Ndinkamva matabuleti akuyankhula m'kalasimo, mawu a mayi wina wokondwa akuti, "Wakhoza! Wakhoza!" Chinthu chokhacho pasukulu yonse chimene chinkagwirizana ndi maso anga chinali m'manja mwa ana oona bwino, ine ndili panja. Zinandiwawa moti ndinalira, ndipo mpaka lero ndikakumbukira khonde limene lija mtima umachita kuwawa pang'ono.

Ndili pakhondepo ndinayamba kulumikiza zinthu mwa nzeru za mwana. M'nyumba mwathu munali chithunzi cha achimwene anga atavala yunifolomu, china cha amayi ali ndi anzawo a chigwirizano. Changa munalibe. Wojambula akabwera paukwati kapena pa ubatizo, bambo ankandituma kukatunga madzi. Ndinapeza yankho langa ndekha: bambo anga amachita manyazi ndi nkhope yanga, safuna kuti anthu akutali aione.

Ndinayamba sitalaka. Njinga ndinaikana. Ndinkayenda wapansi, pakamwa nditatupitsa, bambo akunditsata pambuyo akukankha njinga yopanda munthu, belu likulira lokha pamiyala. Amayi a pamjigo ankaseka.

"Kodi njinga yadwala, abambo a Nelesi?"

"Iyayi, ili bwino. Abwana akana galimoto masiku ano."

Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsa kwambiri. Munthu ukanyanyala umafuna wina akukalipire kuti upeze polirira.

Zinaphulika Loweruka lina masana, tili m'chigafa tikusoka fodya. Kunkanunkha masamba aawisi, manja athu ali nomenome ndi utomoni wake. Bambo anandipempha kuti ndiwapatsire mpukutu wa ulusi, ine ndinauponya pansi.

"Mumachita nane manyazi! N'chifukwa chake simufuna kuti andijambule!"

Singano inaima m'manja mwawo. Kenako anakhala pansi pa mulu wa mapesi n'kundikodola kuti ndikhale pafupi.

"Manyazi? Ine? Kafunse amayi ako. Tsiku limene unabadwa ndinapha tambala amene tinkasungira Khirisimasi, chaka chimenecho Khirisimasi tinadyera nyemba."

Sindinaseke, ngakhale kuseka kunali pafupi. Iwo anapitiriza, mawu atatsika.

"Ukukumbukira tsiku lija tinapita kukagula mchere pa sitolo za kumsewu, tinabwerako opanda mchere?"

Ndinkakumbukira. Panali azibambo akusewera bawo pansi pa mtengo, ndipo mmodzi anakuwa akuloza ine kuti, "Ndalama izo zikudutsa!" Anzake anaseka. Bambo sanatsike njinga. Anatembenuka n'kupalasa mwamphamvu mpaka kunyumba, msana wawo uli thukuta lokhalokha. Ine ndinkaganiza kuti aiwala chikwama.

Tsiku limenelo m'chigafa anandiuza zimene ankandibisira potseka wailesi. Anati alipo anthu oipa mitima amene amakhulupirira bodza loti thupi la munthu wonga ine limalemeretsa, ndipo amasaka ana. Sanakometse, komanso sanandiopseze kupyola muyeso. Anati n'chifukwa chake timasinthasintha njira.

"Tsono taona pepala lija. Likufuna nkhope yako, dzina lako, mudzi wako ndi sukulu yako, zonse pamalo amodzi. Anthu a matabuletiwo ndikukhulupirira kuti ndi abwino, mtsikana ujanso ndi waulemu. Koma kumene akukasunga zimenezi sindikukudziwa, ndipo amene ali ndi kiyi wake sindinamuonepo." Anandikonza chipewa chimene chinali chitapendekeka. "Nkhope iyi ndi yako, Nelesi, si yanga. Ine ndangosungitsidwa. Ukadzakula udzaipereka kwa amene ukufuna. Koma ndikaipereka ine lero, mawa sindingakaitengenso."

Ndinalira, koma sikunali kulira kwa pakhonde la ofesi kuja. Mantha analipo, sindikana. Koma chimene chinandikulira chinali mpumulo, podziwa kuti munthu amene ndinkamuganizira manyazi anali akuzungulira mapiri onse aja chifukwa cha ine. Lolemba lake ndinakwera njinga ndisanauzidwe, ndipo amayi a pamjigo anaimba nthungululu.

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Yankho linabwera fodya atayamba kuuma m'zigafa. Anti a matabuleti anabweranso, nsapato zija tsopano zili zofiirira ngati zathu, ndipo anaitanitsa bambo. Ulendo uno ine anandilowetsa mu ofesi. Anati mabwana awo avomera kuti ndilembe mayeso popanda chithunzi. M'malo mwa dzina adzaika nambala, mudzi sadzalemba, ndipo za maso anga zidzakhala pakati pa ife ndi aphunzitsi anga basi. Bambo anafunsanso mafunso ena angapo, poti chizolowezi sichitha, ndipo Anti anayankha amene ankawadziwa, ena n'kuvomera kuti akafunsanso.

Panatsala vuto limodzi. Tabuletiyo inkakana kutsegula malo a mwana popanda chithunzi chilichonse choti azigwira poyamba. Anti anayesa uku ndi uku, osatheka. Bambo anasuzumira pazenera.

"Jambulani njingayo."

Tonse tinatuluka. Bambo anayamba aipukuta kaye ndi mkono wa malaya awo, anawongola belu, anakonza thumba la pakaliyala, ngati mwana amene akupita ku ubatizo. Anti ankaseka mpaka tabuleti inkagwedera. Atajambula, bambo anatulutsa pepala lija m'thumba, litafewa ndi thukuta, natenga cholembera cha ahedi. Asanalembe anatembenukira kwa ine.

"Mwiniwake, mukuvomera?"

Panalibe munthu wamkulu amene anali atandifunsapo funso lotero, ndiponso mwaulemu chotero. Ndinati eya. Pamenepo ndi pamene anasaina.

Kuyambira tsiku limenelo, tabuleti ikatsegulidwa pankaoneka mizere ya nkhope za anzanga, ena atatuzula maso, ena ataseka mano onse panja, ndipo pakati pawo panali njinga yakuda itatsamira bulugama. Dzina loti Njinga linandikakamira mpaka Sitandade 8. Ena anachita nsanje, mnyamata wina analira kufuna kuti achotse nkhope yake aikepo galu wakwawo. Pa mayesowo sindinakhale woyamba, masamu anandigwetsa. Bambo atamva anapukusa mutu n'kunena kuti njinga yawo sinalepherepo chitunda, ndiye ndisaichititse manyazi teremu yamawa.

Lero ndine mphunzitsi pasukulu ina ku Ntchisi, ndipo mapepala opempha chilolezo amadutsa m'manja mwanga. Ndimadziwa mmene zimakhalira zosavuta kungouza ana kuti, "Akasaine, mubweretse mawa." Ine sinditero. Makolo osatha kuwerenga ndimawawerengera mokweza, mzere ndi mzere. Akafunsa chimene sindikudziwa ndimayankha ngati ahedi aja, kuti sindikudziwa, ndikafunsa. Kholo likachedwa kusaina sindilitenga ngati lotsalira. Kholo limadziwa za mwana wake zimene pepala silinafunse, ndipo mwina pali njira zimene likuzungulira zimene ine sindikuziona.

Bambo akalamba tsopano. Njinga ija inapachikidwa m'chigafa, matayala anaphwa kalekale. Chaka chatha achimwene anawagulira foni ya kamera, ndipo nditapita kumudzi nthawi yokolola ndinawapeza pakhonde akulimbana nayo. Anandiyang'ana, anayang'ana foni, kenako anakhosomola ngati munthu amene akufuna kupempha chinthu chachikulu.

"Nelesi, ndimafuna ndikujambule. Ukuloleza?"

Ndinakhala pansi moyang'anana nawo, n'kupinda manja.

"Chithunzicho chikachoka pano chikupita kuti, ababa? Amene azichiona ndani? Nanga chidzafufutidwa liti?"

Amayi anaseka m'khitchini mpaka kutsamwa. Bambo sanaseke, anayankha mwaulemu ngati ali mu ofesi ya ahedi.

"Sichikupita kulikonse, chikhala m'thumba la malaya muno. Ochiona ndine ndi amayi ako. Koma zofufutazo, mwana wanga, usandipemphe. Ndachidikira nthawi yaitali."

Ndinavula chipewa. Poti foniyo anali asanaizolowere, chithunzicho chinatuluka chopendekeka, khutu limodzi linadukako. Ndinawauza kuti tijambulenso, iwo anakana. Anachiyang'ana nthawi yaitali, anapukuta galasi ndi mkono wa malaya monga anapukutira njinga ija, n'kuika foniyo m'thumba.