Shati ya Thumba la Fulawa

Makina osokera anafika papulazi pathu pa lole imene inakatula fodya kumzinda wa Sozibele. Zinali zaka za Chitaganya, ine ndili Sitandade 3 pasukulu ya papulazi kufupi ndi Karoi. Sukuluyo inali shedi yakale yosankhiramo fodya, ndipo tinkalowa masana tikaweruka kumunda. Tsikulo palibe anakhazikika m'kalasi. Tinakachingamira lole kuchipata, n'kuperekeza bokosilo ngati mkwatibwi, anyamata awiri atalinyamula.

Aphunzitsi athu anali Mzezuru, mbadwa ya dzikolo, koma Chichewa cha m'komboni ankachiyankhula bwino. Ndiwo anapempha makina akalewo kwa dona wa papulazi. Anatiuza kuti, "Sukulu ino imathera Sitandade 3. Mukamachoka pano, manja anu adziweko china, osati khasu lokha." Anyamata anawayambitsa zopala matabwa. Atsikanafe anatipereka kwa akazi awo, amene anaphunzira zosoka kumishoni.

Anali makina opukusa ndi dzanja, akuda, a timaluwa tagolide tosuluka. Poyamba amayi aphunzitsi sanatipatse ulusi. Tinkasoka nyuzipepala, singano ikungoboola timabowo, iwo n'kuikweza padzuwa kuti aone mzere. Wanga atauona anati, "Umu mwadutsa munthu wakhuta mowa wa chikokiyana." Anzanga anaseka mpaka misozi, ine ndemwe. Mawa lake kumunda, dzanja langa linkangozungulira lokha m'malere, kapitawo n'kundifunsa ngati ndikuingitsa njuchi.

Nsalu tinalibe. Tinkapempha matumba a fulawa kusitolo ya papulazi, kuwasula, kuwaviika m'madzi a phulusa, kuwachapa ndi kuwayanika pa udzu. Ankayera mbee, koma utoto wofiira wa chithunzi cha pathumba unkakanirira ndithu.

Anzanga anasankha mapitikoti. Ine ndinati ndisokera bambo shati. Bambo ankasonkhezera moto kumabalani a fodya, ndipo shati yawo inali zigamba zokhazokha.

"Shati ili ndi kolala ndi mikono. Ukwanitsa?" anandifunsa amayi aphunzitsi.

"Ndiyesa, amayi."

Ndinawayeza bambo ndi chingwe chomangira fodya, ndikumanga mfundo paphewa, pamkono ndi m'chiuno. Iwo anaimirira njo, atatambasula manja. "Kodi iwe, ukundiyeza bokosi la maliro?" anatero, ndevu zikugwedera ndi phwete.

Mkono wakumanzere unandizunza. Ndinaulumikiza mozondoka, kuusula, kuubwezera, n'kupeza kuti wakwinyika pakhwapa. Tsiku limene unakhala bwino ndinavina ndekha kuseri kwa shedi. Mabatani ndinadula pa shati yakale ija.

Lamulungu bambo anaivala popita kutchalitchi. Ndinkayenda pambuyo pawo. Patsogolo inali shati yeniyeni, koma pamsana pankaonekabe ngala yofiira ya tirigu. Kumapeto kwa komboni tinapeza mnzawo wina, mkulu wa gule, wochokera nawo boma limodzi ku Nyasalande, akukonza mpini pakhonde.

"Achimwene, mwasanduka thumba? Imani pomwepo, tikuthireni madzi tikazinge mandasi."

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma bambo anawayandikira, n'kuwerama. "Tagwirani kolalayu," anatero. "Wasoka ndi mwana wanga."

Mkuluyo anatembenuza kolala, anakoka msoko wa paphewa mwamphamvu, osathetheka. Kenaka anandiyang'ana. "Ndiwedi, mwanawe?" Ndinagwada n'kuvomera. Sabata isanathe anafika kusukulu atapanira matumba awiri kukhwapa. Ena anatsatira, mpaka amayi aphunzitsi anatigawa, ena odula, ena osoka, ena oboola pa mabatani. Pofika nyengo yosankha fodya, m'shedi munkaoneka misana yambiri ya ngala zofiira.

Chaka chikutha, aphunzitsi anatenga atatu a ife kupita ku Karoi ndi zosoka zathu. Aka kanali koyamba kuti ndione basi pafupi. Anatifikitsa kwa telala wina wachikulire, wa kwathu ku Nyasalande, amene ankasokera pakhonde la sitolo. Telalayo anatembenuza shati imene ndinabwera nayo, n'kuyang'anitsitsa mkati mwake, osati kunja.

"Mabowo a mabataniwa ndi aukhondo," anatero. "Makolo akalola, ubwere ikatha Khirisimasi. Uzikhala ndi akazi anga kunyumba. Uyamba ndi kupinda m'mphepete."

Telalayo anaika kansanza pansi pa singano ya makina awo. Anadzuka pampando wawo n'kundilozera kuti ndikhale. Makina awo anali opondaponda, ndipo ndinali ndisanawakhudzepo. Nditaponda, gudumu linabwerera m'mbuyo, ulusi n'kuduka.

"Usathamange. Kankha kaye gudumu ndi dzanja, mapazi alandire."

Analowetsanso ulusi, ine n'kuyambiranso. Gudumu linazungulira, mapazi anagwira kayendedwe kake, nsalu n'kuyamba kuyenda yokha, manja anga onse awiri akungoiwongolera. Ndinasoka kansanza aka mpaka kumapeto, n'kupempha kena.