Amayi Tionenji Kamphinda ndi Mwana Amene Anamudikira

Abusa andipempha kuti ndilembe za moyo wa Amayi Tionenji Kamphinda, amene tinawaika m'manda mwezi watha. Ndawachenjeza kuti ine Veronica sinditha kukometsa nkhani, ndilemba monga zinachitikira.

Amayi Tionenji anabadwira ku Mayani, m'boma la Dedza, mu 1980. Anabwera ku Kawale ali mtsikana kudzaphunzira kusoka kwa azakhali awo, ndipo analowa kwaya ya mpingo wathu. Mu 2005 anakwatiwa ndi a Levison, owotcherera zitsulo ku Mchesi.

Patapita zaka zitatu matenda anayamba. Lero diso lachita chidima, mawa likupenya. Mwezi uno mwendo wachita dzanzi, mwezi wamawa akuthamangira minibasi. Akamadzandira pokatunga madzi, anthu ankanong'onezana kuti mayi wa Chigwirizano wayamba kachasu. Atawajambula m'mutu ku Blantyre, adokotala anati ndi MS. Chitetezo cha m'thupi chimaukira mitsempha ya mwini wake yemwe, ndipo palibe angadziwe tsiku limene matendawo adzadzukenso.

Mwana ankamufuna ndi mtima wonse, koma mapiritsi amene ankamwa akanatha kumuvulaza ali m'mimba. Adokotala anati ayambe alera mpaka matenda atagona chaka chathunthu, kenako asinthe mankhwala, ndiye atenge pakati. Anawauzanso mosabisa kuti akadzabereka matendawo angabwerere mwaukali.

Kuchipatala a Levison anavomera. Koma pabawo anzawo anayamba kuwaseka kuti ndi gojo. Loweruka lina masanasana anafika ataledzera, nthambo yamagetsi ili m'manja. Ife tinkasiyana mpanda chabe, ndinamva ndi makutu angawa.

"Iwe, wandisandutsa choseketsa! Mapiritsi olera aja ali kuti?"

"Abambo, yangotsala miyezi isanu."

Anawakwapula mpaka bulauzi inamatirira kumsana ndi magazi. Mwendo wofooka uja utawagwetsa, anawaponda dzanja, zala ziwiri n'kuthyoka. Mapiritsi onse, olera ndi a matenda omwe, anakawakhuthulira m'chimbudzi. Ine ndinaboola mpanda waudzu, mpini uli m'manja, koma ndinafika mochedwa.

Tsopano ndinene manyazi athu. Ife amayi a Chigwirizano, mabulauzi oyera mbee, tinapita kukawalangiza monga mwa mwambo wathu. Tinayala mphasa, tinayimba, kenako tinawauza kuti apirire, awapatse abambo chimene akufuna, Mulungu adzateteza mwanayo. Amene anatalikitsa pakamwa tsiku limenelo ndine, chitsiru ine! Iwo, dzanja lili m'chikhakha, anayankha mofatsa: "Amayi anga, Mulungu yemweyo ndiye anandipatsa makutu omvera adokotala. Sindimuyesa ndi thupi la mwana wanga."

Anakanena kupolisi n'kusamukira kwa azakhali. Matenda anadzukanso, ndipo kuwerenga miyezi kunayambira poyamba. Anauza ankhoswe kuti kunyumba adzabwerera pokhapokha a Levison atasiya mowa ndi kulapa pamaso pa akulu a mpingo. Zinatenga zaka ziwiri. Bamboyo sanawamenyenso, koma ndikanena kuti ine ndinamukhululukira ndiye kuti ndanama.

Atupele anabadwa mu 2013, wamphumphu. Patatha miyezi inayi miyendo ya amayi ake inaferatu. Zaka zonse zotsatira anatumikira ali panjinga ya olumala, kuphunzitsa Sande Sukulu ndi kusokera makanda a mumlaga wathu tizovala. Mkazi akabwera kwa iwo diso litatupa, sankamuyimbira nyimbo ayi, ankamuuza kokanena. Ifenso tinaphunzira kwa iwo, ngakhale mochedwa.

Sabata yawo yomaliza, ali chigonere, Atupele anabwera kuchokera kusukulu mlomo ukuchucha magazi. Anali atamenyana ndi mnzake amene anamunena kuti ndiye anapha miyendo ya amake. Ndinali pomwepo, ndikuwapukuta nkhope.

"Amama, n'zoona? Ndine ndinakulumalitsani?"

"Bwera pano, mwanawe. Adokotala anandiuza zonse iwe usanabwere, ndipo ndinasankha ndikudziwa. Atabwera munthu lero ndi miyendo yanga n'kunena kuti tisinthane ndi iwe, ndingamuuze kuti abwerere nayo."

Anamwalira Lachinayi m'mawa, mwakachetechete, ife tikuyimba. Atupele anapempha kuti awatseke maso yekha. Analira kwambiri, koma sanafunsenso funso lija.