Bulangete la Kumudzi

Dzulo mkazi wanga anatsegula sutikesi yakale, fungo la mankhwala a njenjete n'kundibwezera ku Mabvuku, m'nyumba ya bambo, mtchona m'dziko la eni.

Pansi pa bedi lawo panali bokosi lachitsulo, m'katimo mbale zatsopano ndi bulangete lochindikala. "Zimenezi n'za kumudzi," ankatero bambo. "Munthu safika ku Dedza chimanjamanja." Ine, ndi nzeru zanga za nkhuku, ndinkayesa kumudziko n'kuseri kwa komboni ya Kuwadzana, tipita Loweruka.

Chisanu cha Juni chitafika, mlongo wanga Esinati anayamba kutsokomola, chofunda chake chili ovololo ya bambo. M'mawa wina mayi anakoka bokosi lija n'kuyanika bulangete padzuwa.

"Nabanda, mwatani?" anakalipa bambo. "Kwathu tikafika ndi chiyani?"

"Kwanuko kwadikira zaka makumi awiri, a Phiri. Chifuwa cha mwanayu sichidikira."

Bambo anakana kudya tsikulo. Ine ndinalira kuti ulendo wa Loweruka wafa, komatu ndinalirira m'bulangete momwemo, mofunda bwino, Esinati akundiseka.

Bambo tinawaika konkuno, ku Dedza osapondakonso. Mbale zija tinadyeramo koyamba pamaliro awo. Bulangete linali litang'ambika kale, ndipo pa katundu yense uja ndi lokhalo limene linagwira ntchito kwathu bambo akali moyo.