Masamba Aawisi pa Lole ya a Severino

Abambo anga, a Laston Kamzingeni, Mulungu anawapatsa mawu. Mawu aakulu, omveka bwino, oti akangotsokomola kutsogolo kwa tchalitchi, ngakhale ogona tulo kubenchi yakumbuyo ankadzidzimuka. Anachoka kwawo ku Dedza mu 1947 ndi bulangete limodzi, nayenda pansi kudzera ku Tete mpaka kufika mumzinda umene azungu ankautcha Salisbury, ife n'kumangoti ku Halale. Anathyolapo fodya m'mafamu, anagonapo m'mahositelo a ku Mbare, ndipo boma litamanga lokeshoni ya Tafara anapatsidwa kanyumba ka zipinda ziwiri chifukwa anali pa ntchito. Nyumba za nthawi imeneyo zinkayendera ntchito. Ukachotsedwa ntchito, nyumbanso yapita, ndipo ngati unabadwira kunja monga iwo, ankatha kukukweza sitima kukubweza kwanu. Ine ndine Febbie, mwana wawo woyamba, ndipo chaka chimene ndikunenachi, 1974, ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndikusoka madiresi pakhonde.

Ntchito yawo inali ya umesenjala pakampani ina ya azungu yopanga baisikopo kutauni. Koma mukanafunsa munthu wa ku Tafara kuti a Laston amatani, akanakuuzani kuti amawerenga mbiri kumanda. Anthu a ku Nyasalande ndi a ku Tete tinali ndi sosaiti yathu ya maliro, ndipo pakagwa zovuta, abambo ankapita kusiwa ndi pensulo yawo n'kukafunsa zonse: mudzi wa malemu, mfumu yake, mayina a makolo, chaka chimene ananyamuka, njira imene anadzera, yemwe anamuolotsa pa Zambezi. Kumanda ankayala zonsezo osadumphapo kanthu. Dzuwa likuswa mtengo, ana akulira, adzukulu atatopa kutsamira mafosholo, iwo ali nganganga pa mbiri. Anthu ankang'ung'udza, inde, koma panalibe banja limene linkalola kuti wina awerengere m'bale wawo. Zimenezo zinkandipatsa matama, sindibisa ayi, ndinkayenda mutu uli m'mwamba ngati mawuwo ndi anga.

Mu Febuluwale chaka chimenecho anamwalira a Severino, mkulu wa ku Angonia yemwe anali khukhi kumayadi. Chinawatenga ndi chifuwa. Anasiya akazi awo, mayi Paulina, munthu wosalankhulalankhula yemwe ankagulitsa masamba ndi tomato pafupi ndi pokwerera basi. Sosaiti inapeza lole yonyamula thupi, ndipo anyamata anamangirira nthambi za masamba aawisi kutsogolo ndi m'mbali, monga timachitira, kuti wapanjinga atsike, wachipewa avule. Bokosi linali pansi pakati pa lole, azimayi atalizungulira akuimba. Panjira tinaona mzungu ali ndi kamera pa miyendo itatu akutijambula. Palibe analabadira, azungu ankajambula chilichonse.

Nkhondo yomenyera ufulu inali itakula kumalire, ndipo boma la azungu linkatumiza magalimoto a baisikopo m'malokeshoni ndi m'mafamu kukaonetsa timakanema tatifupi. Kena kanali ka mmene dziko linayambira, kena ka mmene njanji inafikira, tonse tongoyamika eni ake. Ndiye kampani ya abambo inapatsidwa ntchito yopanga kanema wina wonena za mbiri ya ife obwera kuchokera kumpoto. Anafuna munthu wolankhulamo Chinyanja, ndipo bwana wina anakumbukira kuti mesenjala wake ali ndi mawu. Abambo anabwera kunyumba tsiku limenelo n'kungonena mwachidule kuti awajambula mawu, kenako anakagona osadya. Ine ndinangoti ndi kutopa.

Patatha miyezi itatu, tinamva kuti kanemayo akubwera kuholo ya ku Tafara Loweruka masana. Abale, ndinapenga! Ndinasiya makina osokera n'kulowa nyumba ndi nyumba. Ndinauza a sosaiti, a kutchalitchi, ngakhale Ashona oyandikana nafe amene ankatitcha Mabulandaya, dzina lonyozera ife obwera, kuti abwere adzamve chimene Mbulandaya amatha. Mayi Paulina anakana, ati akadali m'zovala zakuda, koma ine ndi pakamwa pangapa ndinawakakamira. Ndinawauza kuti akasangalatseko mtima, ndipo tomato wawo ndinapeza wowadikirira. Abambo atamva zimene ndachita, nkhope yawo inagwa. Anati mutu ukuwawawa, sapita. Ndinawaseka kuti ayamba liti manyazi, ndinawasitira jekete, ndinawapukutira nsapato, mpaka ndinawatulutsa m'nyumba ngati ndikutulutsa mbuzi m'khola.

Holo inadzaza. Mazenera anatchinga ndi mabulangete, ndipo woyendetsa makina, a Adriano, amenenso anali a ku Tete, anazimitsa magetsi. Mawu a abambo atangomveka, anthu anaomba m'manja, ena akutembenukira kumene tinakhala. Kanemayo anayamba ndi mapu, kenako mzungu wachipewa chachikulu akuloza tchire, kenako fodya, kenako amuna akuda akumwetulira atanyamula makasu. Mawu aja ankati makolo athu anali pa umphawi ndi mdima, ndipo anamva za dziko la ntchito ndi chakudya. Mpaka pamenepo anthu ankangoseka, poti mabodza a baisikopo tinali titawazolowera. Kenako panatulukira lole, ikubwera mumsewu wafumbi, masamba ali wirira kutsogolo, azimayi pamwamba pakamwa pali yasa kuimba. Ndipo abambo anga, ndi mawu omwe aja a kumanda, anati:

"Taonani chimwemwe chake! Abale athu akulowa mumzinda pa lole yaulere, akuimba nyimbo, galimoto yawo ataikongoletsa ndi masamba."

Kuseka kunathera pomwepo. Bokosi silinkaoneka chifukwa matabwa a m'mbali analibisa, koma ndani wa ife ankafuna kuona bokosi? Masamba aja ananena zonse. Ndipo pakona pa lole panali mayi Paulina, atazyolika, azimayi awiri atawagwirira. Mayi Paulina enieniwo anali atakhala pambali panga penipeni, pamalo pamene ndinawasungira. Sanalire. Anaimirira, namanga bwino nsalu yawo, natuluka pang'onopang'ono, mthunzi wawo ukudutsa pachinsalu cha kanema.

Panja panabuka mkangano. Mayi wina wa kutchalitchi anati tisachulutse zonena, bola taoneka nafenso pa baisikopo, kuyambira kale amangoonetsa azungu. Mkulu wina anamuyankha kuti kuoneka kotero bola kusaoneka. Ena ankawerenga zimene kanemayo anasiya: kuyenda pansi miyezi iwiri, anzawo amene anatsala m'tchire la ku Tete osaikidwa n'komwe, chitupa, zikoti za akapitawo m'mafamu, akazi amene anasiyidwa kumudzi mpaka kukalamba akudikira. A Hector, wapampando wa sosaiti, anati zaka makumi asanu za anthu sizingalowe m'mphindi khumi, ndipo wopanga kanema wotere amayamba wasankha chimene akufuna kunena, zithunzi n'kumatola pambuyo. Anyamata ena achishona anadutsa akulavula malovu, akuti ankadziwa kale kuti Mabulandaya ndi agalu a azungu. M'masiku a nkhondo amenewo, mawu otero sanali ocheza.

Kenako a Hector anatembenukira kwa abambo, amene anali ataima pakhoma chipewa chili m'manja, n'kuwafunsa pamaso pa onse ngati anaona zithunzizo asanalankhule. Ine ndinalumphira. Ndinakalipa, Mulungu andikhululukire, ndinaloza chala munthu wamkulu ngati a Hector. Ndinati abambo anangopatsidwa pepala m'kachipinda kopanda zenera, sanaone kalikonse, ndipo amene akuwanena ndi ansanje chabe. Ndinalumbira ndithu, chonsecho sindinkadziwa kanthu.

"Febbie, khala chete," anatero abambo. "Ndinaona. Lole ija ndinaizindikira, ndipo ndinawerenga."

Kunyumba anandifotokozera ndisanawafunse. Anati tsiku lojambula mawu, zithunzi zinkayenda patsogolo pawo iwo akuwerenga. Lole itatulukira anasiya kuwerenga. Mzungu wa makina anawafunsa mokwiya kuti chavuta n'chiyani. Akanangonena mawu ochepa, kuti bwana, masambawo ndi a maliro, mwina akanachotsa chithunzicho n'kuika china, poti mzunguyo sankadziwa, ankayesadi ndi zokongoletsa. Koma sabata yomweyo anali atachotsa ntchito dalaivala wina chifukwa chotsutsa bwana pa nkhani yaing'ono. Abambo anaganiza za nyumba, za azing'ono anga anayi, za sitima yopita ku Nyasalande kumene analibenso ngakhale munda. Anati palibe chavuta bwana, nawerenganso bwinobwino. Ankadzitonthoza kuti kanemayo akathera kumafamu akutali kumene kulibe wodziwa a Severino. Ndinafuna kuwakwiyira koma ndinalephera, chifukwa amene anakoka mayi wamasiye kudzamukhazika kutsogolo ndinali ine.

Nkhani inali yoti sosaiti ichita nawo chiyani. Ena ankati achotsedwe, ena ankati asiye kuwerenga mbiri, ena ankati munthu walakwa kamodzi pa zaka makumi awiri. A Hector anati mwini nkhani ndi mayi Paulina, chimene anene iwo ndicho chichitike. Madzulo a tsiku lomwelo anatsogolera abambo kukapepesa, ine ndikutsatira kumbuyo. Abambo anakana mpando, anakhala pansi pakhomo, napepesa mosazungulira. Mayi Paulina anamvetsera akusankha nyemba m'lichero. Atatha, iwo anati alibe mlandu ndi munthu, koma ali ndi pempho limodzi. Amuna awo sanajambulitsepo chithunzi moyo wawo wonse kupatula cha pachitupa, chimene abwana awo sanabweze. Tsiku la maliro iwo sanaone kalikonse chifukwa cha misozi. Ankafuna aionenso lole ija, koma popanda mawu.

A Adriano anavomera, ngakhale akanatha kutaya ntchito. Galimoto ya baisikopo inkayenera kupita ku lokeshoni ya Mabvuku Lolemba, ndiye Lamulungu titaweruka kutchalitchi anatsekula holo mwakachetechete. Tinalipo anthu osapitirira makumi atatu, a sosaiti okhaokha. Anazunguza filimu mpaka pa lole, nazimitsa mawu, n'kungotsala kulira kwa makina. Kachigawoko kanali kakafupi, munthu sakanatha n'kumwa komwe kapu ya madzi. Mayi Paulina anapempha kuti abwezenso, a Adriano anabweza. Ulendo wachiwiri azimayi anayamba kutchulana mayina chapansipansi, uyo ndi uje, uyo ndi uje wavala duku la eni. Ulendo wachitatu wina anayambitsa nyimbo yomwe ija inkaimbidwa pa lole, poti ankaiona pamilomo, ndipo onse analandira. Apo m'pamene mayi Paulina analira, kulira kwenikweni, azimayi n'kuwazungulira.

Nyimbo itatha, ndinaona abambo akuimirira. Anatulutsa m'thumba la jekete pepala lopindapinda, lija anawerenga kumanda a a Severino, lokhala ndi mudzi wawo wa ku Angonia, makolo awo ndi njira yonse imene anayenda. Anali atalifunafuna m'sutikesi m'mawa wonse. Ndinadziwa chimene ankafuna: lole idutsenso kamodzi, iwo anene zoona pamwamba pake, anthu amve. Mtima wanga unati inde, achite zimenezo, zonse zikonzeka. Anapita kutsogolo, natambasula pepala, nakonza kukhosi. Mayi Paulina anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu n'kuwayang'ana, mopanda ukali uliwonse.

"Ayi, bambo," anatero. "Inu munalankhula kale."

A Hector anayang'ana pansi, a Adriano anayamba kukulunga filimu yawo. Palibe anathamangitsa abambo, palibe anawanyoza. Anapinda pepala lija, nabwerera kudzakhala pafupi ndi ine.

Sosaiti sinawachotse. Anakhala moyo zaka zina khumi ndi zinayi m'nyumba yomwe ija, nkhondo inatha iwo akuona, ndipo sanajombepo pamaliro ngakhale amodzi. Koma ankafika m'mamawa ndi fosholo yawo n'kupita kwa adzukulu kukakumba nawo, munthu wa imvi pakati pa anyamata. Mabanja ena ankabwera ndithu kudzawapempha kuti awerengere m'bale wawo, ena mpaka kugwada pakhomo. Iwo ankawalandira bwino, n'kuwalembera zonse papepala ndi pensulo, n'kuwauza kuti akapeze wina wowerenga.