Khoswe wa mu Dramu ya Azakhali

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pomwe azakhali anga aNabanda anayamba kutcheza chomwe ankachitcha ramu. Nzeruyo anaitola kwa dalaivala wina wa thiraki pa boda ya Mchinji, komwe ankagulitsa zitumbuwa. Iye anawauza kuti mowa wodula uja wa m'mabotolo okongola, wochokera kuzilumba za kutsidya kwa nyanja, ndi nzimbe basi: amatenga molasesi, madzi akuda otsala popanga shuga, n'kuwasiya asase, kenako n'kutcheza monga kachasu. Azakhali anabwerera kwathu kwa Mlonyeni ali ndi zigubu ziwiri za molasesi wodyetsera ng'ombe.

Ntchito yanga inali yotakasa dramu m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu. Fungo lake ndimalimvabe mpaka lero, lotsekemera koma lowola, longa la nthochi zoiwalika m'thumba. Ntchentche zinkandikuta kumaso, yunifolomu n'kumamata ngati ulimbo. Ndinkadana nayo ntchitoyo ndi mtima wanga wonse.

Tsiku lachisanu mthiko unagunda chinthu chofewa. Nditavuula, ndinapeza khoswe wotupa, ubweya utasosoka, mimba itaphulika. Ndinasanza pomwepo. Azakhali anangomunyamula ndi mchira n'kumuponya kudzala, nandiuza kuti moto umapha zonse, ndipo ndikangotsegula pakamwa ndiona chomwe sindinachionepo.

Chinkandidya mumtima chinali chimodzi: bambo anga ndiwo ankayamba kufika pa mowa wa mlongo wawoyo. M'mawa wonse wa Loweruka ndinakhala ndikuyang'ana madontho akutuluka m'paipi, oyera ngati madzi a pamjigo, ndikudziwa komwe achokera.

Masana azibambo anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Kwathu wotcheza ndiye amayamba kulawa pamaso pa onse, kuti anthu aone kuti mulibe choipa. Azakhali anagwada, nathira m'kapu, napititsa kukamwa. Ine ndinali pambali pawo ndipo ndinaona bwinobwino: milomo anaitseka, pakhosi sipanagwedezeke. Anapukuta pakamwa n'kupereka kapuyo kwa bambo.

"Ababa, musamwe. Munafera khoswe, ndipo azakhali sanameze."

Azakhali anandiyang'ana ndi diso loti tionana. Bambo anayang'ana m'kapu, nayang'ana mlongo wawo, kenako anaseka.

"Mwanawe, khosweyo ndiye anafa bwino. Anafa atakhuta."

Anagugudiza kapu yonse, anzawo n'kuwombera m'manja, aliyense akupempha kuti amuthirire wa khosweyo. Mowa unatha dzuwa lisanalowe. Ine ndinalandira nthyole ya pichesi kuseri kwa khitchini, ndipo bambo anamva kulira kwanga koma sanadzuke pampando.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti chonyansa pa tsikulo chinali khoswe, kapena bodza la azakhali. Lero ndine mayi wa ana atatu ndipo ndikuona mwina. Bambo sanandikayikire ngakhale pang'ono. Anadziwa kuti ndikunena zoona, anadziwanso chimene chindichitikire chifukwa chowachenjeza, koma kapu inali kale m'manja mwawo. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti munthu ukhoza kumukonda, n'kumuuza zoona zokhazokha, iye n'kumwabe uli pomwepo ukuona.